Yankho kwa achimwene ofunsa za construction management ku community college

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kuchita construction management pa community college kumeneko ku America m'malo molowa yunivesite ya zaka zinayi, popeza m'thumba mwapepuka ndipo masana muli kuntchito. N'kwanzeru ndithu, bola musankhe digiri yoyenera polembetsa pomwepo, chifukwa ambiri amataya chaka chathunthu pamenepa.

Makoleji amenewa amapereka digiri ya zaka ziwiri, makrediti pafupifupi 60, koma ilipo mitundu iwiri. AAS anaikonzera munthu wofuna kulowa ntchito akangomaliza. AS ndi ya wofuna kudzapitiriza ku yunivesite. Wotenga AAS akadzafuna bachelor's, nthawi zambiri yunivesite imakana makrediti ake ena, iye n'kubwereza makalasi omwe anakhoza kale, fizi kulipiranso. Choncho pemphani alangizi a pakolejipo akuonetseni articulation agreement, chikalata chonena kuti kalasi yakuti idzawerengedwa ku yunivesite yakuti. Zapakamwa zokha musakhutire nazo. Funsaninso ngati pulogalamuyo inavomerezedwa ndi ACCE, bungwe loona maphunziro a zomangamanga m'dzikomo.

Kosiyi siyophunzitsa kuyala njerwa kapena kukhoma misomali. Ntchito yake ndi kuwerenga mapulani, kuwerengetsa mtengo wa chimango, kukonza ndondomeko ya masiku, makontirakiti ndi chitetezo cha antchito. Chomwe chimapunthwitsa anthu ochokera kwathu ndi miyeso. Ife tinakulira mamita ndi matumba a simenti a makilogalamu 50, pomwe kumeneko n'mafiti ndi mainchesi, ndipo konkire imabwera yosakaniza kale pagalimoto, kugulitsidwa pa cubic yard.

Tengani silabu ya konkire ya mafiti 20 m'lifupi, 30 m'litali, kuchindikala mainchesi 4. Mainchesi 4 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a fiti, ndiye 600 (20 kuchulukitsa ndi 30) mukagawa ndi 3 mupeza ma cubic feet 200. Gawaninso ndi 27, popeza cubic yard imodzi ndi ma cubic feet 27, yankho ndi ma cubic yard 7.4. Mumaitanitsa 8, chifukwa pansi sipakhala posalala ndipo ina imatayika. Woiwala kusintha mainchesi kukhala mafiti amachulukitsa 600 ndi 4 n'kupeza mayadi 89, magalimoto pafupifupi asanu ndi anayi pa ntchito ya galimoto imodzi. Woitanitsa yoperewera nayenso ali m'madzi: podikira galimoto yachiwiri konkire yoyamba imayamba kuuma, pokumana ziwirizo pamakhala cold joint, malo ofooka olowera madzi. Thabwa lotchedwa 2x4 nalo musalikhulupirire dzina, muyeso wake weniweni ndi mainchesi 1.5 ndi 3.5. Matabwa a m'khoma amaimikidwa motalikirana mainchesi 16 kuti plywood ya mafiti 4 ndi 8 ithere pakati pa thabwa. Musanalembe placement test ya masamu, mayeso oonera kalasi yomwe muyambire, bwerezani ma fraction mpaka azikutsikirani ngati madzi, apo ayi angakuyambitseni kalasi yokonzekera yomwe siwerengedwa pa digiri.

Kalasi ya scheduling muiikire mtima. Mudzaphunzira critical path, mndandanda wa ntchito zomwe imodzi ikachedwa tsiku, chimango chonse chachedwa tsiku. Simungathire konkire inspector asanaone zitsulo, simungatseke khoma mawaya ndi mapaipi asanayenderedwe. Zitsanzo za konkire zimakaphwanyidwa ku labotale pa masiku 7 ndi 28 kuti aone mphamvu yake. Koleji yabwino imakugwiritsani mapulogalamu a pakompyuta monga Bluebeam, Procore ndi Microsoft Project kapena Primavera P6, osati kungozitchula pabolodi. Excel muidziwe bwino.

Khadi la OSHA 30, losonyeza kuti mwaphunzira za chitetezo cha pantchito kwa maola 30, tengani msanga, makampani ambiri amalifunsa. Malamulo awiri muwasunge pamtima: wogwira ntchito pamtunda wa mafiti 6 kupita m'mwamba atetezedwe kuti asagwe, ndipo ngalande yakuya mafiti 5 kapena kuposa itchingidwe m'mbali kapena ikumbidwe motsetsereka, chifukwa dothi likagumuka munthu sathawa.

Za ndalama: ngati muli ndi green card lembani FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma pa fizi, ndipo m'maboma ambiri fizi imatsika mukakhalamo miyezi 12. Amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1 ayenera kutenga makrediti osachepera 12 pa semesita, ndipo sangagwire ntchito kunja kwa koleji popanda chilolezo, monga cha CPT kapena OPT, zololeza ntchito yogwirizana ndi maphunziro ake.

Mukamaliza musayembekeze mpando wa project manager. Mudzayambira pa project coordinator, assistant superintendent kapena junior estimator, kulemba malipoti a tsiku, kutumiza ma RFI (makalata ofunsa pomwe sipakumveka) kwa ojambula mapulani ndi kulondoloza ma change order (zikalata zosintha kapena kuwonjezera ntchito ya m'kontirakiti). Ntchito yowonjezera iliyonse isainidwe isanayambe, chifukwa yomwe inagwiridwa pamawu chabe mwini chimango amakana kuilipira. Ngati n'kotheka, ntchito yanu ya masanayo muisinthe ikhale ya pamalo omanga kuyambira chaka choyamba, makalasi muzilowa a madzulo.