Maola awiri ndi theka, koma ine ndinagona pa mpando ku Nairobi

Achemwali, mwafunsa kuti pa ndege Joni kufika Lilongwe ndi maola angati. Omwe akuyankhani kuti ndi maola awiri ndi theka sakunama. Kuchoka pa eyapoti ya O.R. Tambo ku Joni kukatera pa eyapoti ya Kamuzu ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 1,500, wotchi simusintha, mukanyamuka m'mawa nsima ya masana mukadyera kwanu. Koma zimenezo ndi pamene ndegeyo ikupita molunjika. Funsani kaye musanatumize ndalama!

Ine mayi anga atatisiya ku Dowa ndinathamangira kwa mkulu wina wogulitsa matikiti, wakwathu komwe, tinkapemphera limodzi. Akuti mlongo musadandaule, ndakupezerani yotchipa, mawa muli kumudzi. Mutu unali utaima, sindinawerenge n'komwe. Ndafika pa kauntala, mtsikana akundipatsa timapepala tiwiri tokwerera. Ndikuti kachiwirika n'kachiyani? Akuti mukasinthira ku Nairobi. Nairobi! Maola anayi kulowera kumpoto, pa mapu a m'ndegemo ndikuona Lilongwe uyo pambalipa, ife n'kumupitirira.

Usiku wonse pa mpando wachitsulo, chitenje ndafunda kumutu, kuzizira. Kenya ili patsogolo ndi ola limodzi, foni yanga sinasinthe yokha, ndiye ndimangodzuka kukayang'ana pa bolodi kuopa kusiyidwa. M'mawa malume akuimba, akuti mwana wanga thupi silingadikirenso, amfumu anena kuti mwambo uyambe. Ndinalira pamenepo anthu akundiyang'ana, mayi wina wosesa anandibweretsera madzi, sitinamvane chinenero koma anakhala nane kanthawi. Kenako maola ena awiri kubwerera kummwera komwe ndinadutsa dzulo lake. Pofika kumudzi ndinapeza adzukulu akutsuka makasu, nkhata zaikidwa kale. Nkhope ya mayi anga sindinaione.

Mkulu uja nditamuimbira, yankho lake akuti koma munafika bwino eti? Ndalama yomwe akuti anandipulumutsira siinakwane ngakhale thumba la chimanga la pamaliro. Mpaka lero tikakumana ku tchalitchi amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ine dzanja sindipereka.

Ndiye inu onani pa tikitipo nthawi yonyamuka ndi yofika, muwerenge maola nokha ndi zala. Ikadutsa atatu, pali poima penapake, mwina pa Chileka, mwina kutali ngati ine. Onjezaninso maola atatu ofikira pa eyapoti, mizere ya pa O.R. Tambo si masewera. Gulani nokha pa intaneti, anthu apakatiwa asiyeni, ngakhale kuti ine pano amandigulira ndi mtsikana wina wa ku Kempton Park ndipo sanandilakwitsepo. Komanso ngati si zamaliro, yodzera ku Nairobi ikatchipa kwambiri tengani, bola jekete. Ikuposabe basi yodzera Beitbridge ndi Nyamapanda, uko mumafika pa Mwanza miyendo itatupa.