AI yatenga mapositala a ukwati, ndiye wophunzira dizaini alowere kuti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Lunzu amene anakhoza MSCE ndi mapointi 24. Kuyambira ali Fomu 3 wakhala akupanga mapositala a maukwati, mapulogalamu a maliro ndi zolengeza misonkhano ya mpingo pa laputopu ya achimwene ake. Tsopano makasitomala athawa, akudzipangira okha pa foni. Bambo ake akuti asiye zojambulajambula akaphunzire za akaunti. Funso lake ndi lakuti, "Kodi ndikaphunzira dizaini ndingotaya nthawi?" Makalata otere akubwera ochuluka masiku ano.

Mwana wanga, ndiyambe ndi chowawa. Ntchito ya positala ya ukwati yapita ndipo sibwerera. Pulogalamu ya pa intaneti yokonzera mapositala yotchedwa Canva inayamba mu 2013 kupatsa aliyense mapulani okonzakonza. Mu 2022 kunabwera Midjourney ndi ChatGPT, mapulogalamu a AI (makompyuta otengera nzeru za munthu) amene amakupangira chithunzi kapena mawu ukangowauza, ndipo mu 2023 kampani ya Adobe inatulutsa yake yotchedwa Firefly. Lero mlembi wa kwaya amalemba mawu ochepa pa foni, chithunzi n'kutuluka tiyi asanazizire. Lipoti la mu Januwale 2025 la bungwe loona za chuma cha dziko lonse la World Economic Forum linaika okonza zithunzi za malonda m'gulu la ntchito zimene zichepe pofika 2030. Ngati maloto ako ndi kukhala kuchipinda, kusintha mayina pa pulani ya eni ake n'kumadikira ndalama pa Mpamba, dzuka.

Koma inu bambo, musafulumire kuomba m'manja. Lipoti lomwelo linaikanso makalaliki a za akaunti ndi okonza malipiro m'gulu la ntchito zochepazo. Mukumuchotsa mwana pa ntchito imene ali nayo luso kumukankhira ku ina imene makina omwewo akuidya. Zimanditopetsa kuona makolo akusankhira ana ntchito potengera tayi ndi ofesi basi, osafunsa n'komwe zimene zikuchitika m'maofesimo.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi ya kumalo osindikizira. Lowa m'shopu yosindikiza ku Limbe uime pambali pa makina. Kasitomala amabwera ndi logo yokongola imene AI yamupangira, akufuna iikidwe pa chikwangwani chachikulu cha mumsewu wa Masauko Chipembere. Akaikulitsa imasweka kukhala timabokosi, chifukwa inafunika kujambulidwa mwa vector, njira yojambulira imene chithunzi sichisweka ngakhale uchikulitse bwanji. Mtundu wobiriwira umene umawala pa foni umatuluka wofuwa papepala, pakuti sikirini imapanga mitundu ndi kuwala (RGB) pamene makina osindikizira amasakaniza inki (CMYK). Mawu amene anayandikira kwambiri m'mphepete amadulidwa ndi mpeni. Pamenepo pamafunika munthu wodziwa, ndipo munthuyo amalipidwa.

Taganiziranso mayi amene akugulitsa uchi, chiponde kapena mpunga wa Kilombero. Kuti katundu wake alowe m'sitolo zazikulu akufunika lebulo yokwana bwino pa botolo, yosamatuka ikanyowa, yokhala ndi kulemera kwa katunduyo, zosakaniza ndi tsiku lothera mphamvu monga mmene a Malawi Bureau of Standards amafunira. AI ingamupatse chithunzi cha njuchi, koma sipita kukayeza botolo. Chichewa nacho imachilemba molakwitsa, ndipo ukaiuza ijambule banja likudya nsima imakupatsa nkhope ndi mbale za kwina. Mateshati, nsalu za mipingo ndi za mabungwe, zikwangwani za masukulu, zonsezi zikufuna wina wokhala pansi ndi kasitomala mpaka amvetse chimene akufuna.

Za yunivesite ndinene mwachidule. Architecture, yomwe ndi maphunziro ojambula mapulani a nyumba, ku MUBAS imafuna masamu ndi sayansi zolimba, ndipo ndi mapointi 24 mpikisano wake ndi wovuta. Lembetsa ndithu kudzera ku NCHE, uyesenso za luso la zojambula ku UNIMA ku Zomba, koma usakhale pakhomo chaka chathunthu kudikira mayina. Funsa ku TEVETA za makoleji amene akuphunzitsa ICT, zosindikiza kapena kusoka ndi fashoni.

Mapositala amene wanditumizira ndawaona. Ambiri ndi ofanana, zilembo za mitundu inayi pa tsamba limodzi, ndipo pa pulogalamu ya maliro dzina la mudzi walilemba molakwika. Zimenezo sanachite ndi AI, ndi ulesi wako. Ukudandaula za makina amene sunakhalepo pansi n'kuwaphunzira, chonsecho bandulo ukuithera pa TikTok. Phunzira mapulogalamu ojambulira monga Illustrator kapena CorelDRAW, ndipo ngati ndalama palibe, Inkscape ndi yaulere. AI uigwiritse ntchito poyesera maganizo msangamsanga, koma kumaliza umalize wekha.

Positala ya msonkhano wa achinyamata ija yokha ndiyo yandionetsa kuti diso uli nalo: wasiya malo opumira, ndipo tsiku ndi malo zikuwerengeka uli patali. Isindikize, upite nayo m'mashopu osindikiza a ku Limbe ndi ku Blantyre ukapemphe kuphunzira ntchito, ngakhale akupatse ya thiransipoti yokha. Bambo, ya minibasi mumupatse.