Bambo Akufunabe Kuyendetsa Galimoto, Titani?

FUNSO: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 77 ndipo ayendetsa galimoto kuyambira ine ndili wamng'ono. Miyezi yapitayi akhala akukhulitsa galimoto pageti, ndipo tsiku lina madzulo tikuchokera ku Limbe anangotsala pang'ono kugunda wa kabaza pa raundabauti ya ku Chichiri. Iwo anati sanamuone. Achimwene anga akuti tingowabisira makiyi, koma ine mtima sukulola chifukwa galimotoyo ndi imene amapitira kutchalitchi ndi kumaliro. Kodi alipo malo amene amayeza anthu achikulire kuti aone ngati angapitirize kuyendetsa? Ndine mwana wawo wamkazi, ku Chilomoni.

YANKHO: Mayi, makiyiwo musabise. Bambo anu adzawapeza, kapena adzadulitsa ena, ndipo kuyambira pamenepo sadzakuuzaninso kanthu akakumana ndi vuto pamsewu. Komanso zaka 77 pazokha si mlandu. Pa ntchito yanga yoyeza maso ndaonapo agogo opitirira zaka 80 amene amaona bwinobwino, ndaonanso abambo a zaka za m'ma 50 amene ndinawapempha kuti asiye chiwongolero tsiku lomwelo. Choyenera kuyezedwa ndi thupi lawo.

M'kalata yanu mawu amene andigwira mtima ndi akuti "sanamuone". Ine ndikuwakhulupirira. Pali matenda awiri a maso amene amachititsa zimenezi mwa anthu achikulire. Oyamba ndi ng'ala. Munthu wa ng'ala amaona ngati akuyang'ana pagalasi lakutsogolo lodzaza fumbi dzuwa likulowa, ndipo usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amamuthobwa m'maso kotheratu. Nkhani yabwino ndi yakuti ng'ala imachotsedwa. Opaleshoni yake ndi yaifupi, munthu sagonekedwa tulo, amangobayidwa kapena kuthiridwa mankhwala ochititsa dzanzi padiso, ndipo ambiri amabwerera pachiwongolero akuona bwino kuposa kale.

Achiwiri ndi glaucoma, ndipo amenewa ndi amene ndimawaopa. Sapweteka, diso silifiira, koma amadya pang'onopang'ono kuona kwa m'mbali. Munthu amatha kuwerenga nyuzipepala, amatha kuwerenga zilembo zonse za patchati cha kuchipatala, koma njinga yamoto yotulukira kumbali saiona mpaka itafika pamphuno pa galimoto. Pa raundabauti, pamene uyenera kuona zobwera kudzanja lamanja uku ukusamala akabaza olowera kumanzere, ndi pamene vutoli limaonekera. Mbali imene yawonongeka sibwerera, koma mankhwala odonthezera m'maso amathandiza kuti matendawa asapitirire msanga.

Choncho yambani ndi maso. Pitani nawo ku Lions Sight First Eye Hospital, mkati mwa chipatala cha Gulupu, kapena kwa wina aliyense woyeza maso wovomerezeka. Mukafika mukanene poyera kuti bambo amayendetsa galimoto, ndipo mukapemphe kuti awayeze mphamvu ya madzi a m'diso komanso mmene amaonera m'mbali, osati kuwerenga tchati kokha. Musanapite mukhoza kuyesa kunyumba. Imikani galimoto masana, muyeze mamita 20, muwapemphe awerenge nambala yake atavala magalasi awo. Ku United Kingdom dalaivala aliyense amayenera kukwanitsa zimenezi. Kenako mukhale moyang'anizana, atseke diso limodzi, ayang'ane mphuno yanu, inu muzibweretsa chala kuchokera kumbali mpaka anene kuti achiona. Ngati inu mukuchiona kale iwo asanachione, musachedwe. Koma akakhoza zonsezi musati basi kwatha, kuchipatala apitebe.

Mayiko ena ali ndi malamulo apadera pa nkhaniyi. Ku United Kingdom komweko munthu akakwanitsa zaka 70 amakonzetsa laisensi yake, kenako pa zaka 3 zilizonse. Ku Japan, oyambira zaka 75 amayezedwa kaganizidwe ndi kukumbukira pokonzetsa laisensi. Kwathu kuno nkhani za laisensi zili m'manja mwa Directorate of Road Traffic and Safety Services, koma inu musadikire tsiku limene laisensi ya bambo idzathe. Khadi likhoza kukhala loti lidakali ndi zaka, maso atasintha kale.

Mukachoka kwa a maso, akaonanenso ndi dokotala wa matenda onse. Mukatenge mankhwala awo onse m'jumbo, ngakhale ogula pa golosale ndi azitsamba omwe. Piriton amene anthu amamwa akagwidwa chimfine amagonetsa. Mankhwala ogonetsa tulo ndi ena opha ululu monga tramadol amachedwetsa phazi kufika pa buleki. Ngati ali ndi shuga ndipo amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, shuga akhoza kutsika ali pamsewu, n'kuyamba thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu. Shuga yemweyo amachititsa dzanzi kumapazi, moti munthu samva bwino ngati waponda buleki kapena moto. Adokotala akaonenso BP, makutu, ndi khosi ngati likutembenuka. Kukhula geti pobwerera m'mbuyo nthawi zina gwero lake ndi khosi louma basi.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera. Ngati bambo anasocherapo pa msewu umene akhala akuyendamo zaka zonsezi, mwachitsanzo kuchoka ku Chilomoni kupita m'tauni n'kuima osadziwa kokhotera, kapena ngati ayamba kubwerezabwereza funso limodzi ndi kuiwala maina a adzukulu, mukawauze adokotala. Adzawayeza kukumbukira, mwina kuwapempha ajambule wotchi n'kuika mivi pa nthawi imene awauza. Akapezeka ndi matenda oiwalaiwala amene afika posokoneza, ayenera kusiya kuyendetsa, ngakhale akwiye. Munthu wotere sazindikira yekha kuti wasintha, ndiye banja liyenera kumuganizira.

Inunso muli ndi gawo limene dokotala sangachite. Khalani nawo kutsogolo tsiku lina m'mawa, ayendetse okha mu Masauko Chipembere Highway mpaka ku Limbe. Musawauze kokhotera, musakuwe, ingoonani. Kodi akukhala mu mzere wawo? Akuyang'ana pagalasi asanasinthe mzere? Minibasi ikaima mwadzidzidzi kutsogolo kuti itsitse munthu, phazi likufika msanga pa buleki? Maloboti akasintha akuona nthawi yomweyo? Anzawo akuwaimbira hutala kangati? Mukafika kunyumba mulembe zimene mwaona, mukawapatse adokotala.

Anthu ambiri amene ndawayeza sanafunike kusiyiratu. Amayendetsa masana okha, m'misewu yoidziwa, kupewa m'mawa ndi madzulo pamene anthu akupita ndi kuweruka kuntchito, ndiponso kuisiya galimoto mvula ikamagwa. Kwa bambo anu, kufikira atayezedwa, usiku ndi chisisira asayendetse. Pamenepo limbani mtima.

Kayankhulidwe kake samalani. Ana mukawaunjikira nonse adzamva ngati mukuwalanda ulemu pakhomo pawo pomwe. Pemphani mayi, kapena mnzawo wa msinkhu umodzi, kaya mkulu wa mpingo amene amamumvera, ayambitse nkhaniyi. Inu munene kuti, "Ababa, tiyeni tikayezetse maso tonse awiri." Limeneli si bodza, chifukwa glaucoma imayenda kumtundu, ndipo ngati mwapitirira zaka 40 inu ndi achimwene anuwo mukufunikanso kuyezedwa. Zikapezeka kuti ayenera kusiya, mugwirizane pasadakhale amene aziwatenga Lamulungu ndi amene aziwaperekeza kumaliro, ndipo galimotoyo ikhalebe yawo, mdzukulu wa laisensi aziwayendetsa iwo atakhala kutsogolo. Mudzandilemberenso mukamva zotsatira za maso.