Nyanja ikulowa m'nyumba ku Tambak Lorok: bwanji anthu sakusamuka?

Mayi ena a ku Bangwe anditumizira imelo. Akuti anaonera kanema pa Facebook wosonyeza nyumba za ku Indonesia zomwe madenga ake akulekeza m'mapewa mwa munthu, ana akupita kusukulu nsapato zili m'manja, madzi ali m'mawondo, chonsecho kunja dzuwa likuswa mtengo. Pansi pa kanemayo analembapo kuti Tambak Lorok, Semarang. Mafunso awo ndi awiri: madziwo akuchokera kuti popeza mvula sinagwe, nanga anthuwo bwanji osangosamuka?

Zikomo mayi pondilembera. Semarang ndi likulu la chigawo cha Jawa Tengah, kugombe lakumpoto kwa chilumba cha Java, ndipo mumakhala anthu oposa 1.6 miliyoni. Mzindawu uli pawiri. Kumwera kuli zitunda, komwe kuli nyumba za opeza bwino ndi sukulu yaukachenjede ya Diponegoro. Kumpoto kuli chigwa chofika kunyanja, komwe kuli doko la Tanjung Emas, mafakitale ndi njanji. Tambak Lorok ndi kadera ka asodzi kopanikizika pambali penipeni pa dokolo.

Nyanja yamchere imakwera ndi kutsika tsiku lililonse chifukwa cha mphamvu ya mwezi. Ikakwera kwambiri, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene, madzi amabwerera m'ngalande, kutulukira m'misewu, kenako m'zipinda. Eni ake amati rob. Madziwo amabwera mwakachetechete, atenga zinyalala zonse za m'ngalande, akhala maola angapo, n'kubwerera. M'mbuyo mwake amasiya mchere umene umadya simenti, zitsulo za njinga zamoto ndi mawaya a magetsi, komanso zilonda za m'mapazi.

Koma nyanjayo yakhala ikukwera ndi kutsika chikhalire. Chasintha n'chakuti nthaka ikutitimira. Kusintha kwa nyengo kukukweza nyanja za dziko lapansi ndi mamilimita 3 kapena 4 pachaka, pomwe madera ena akumpoto kwa Semarang akumira ndi masentimita pafupifupi 10 pachaka. Werengani nokha, mayi: mwana amene wayamba sukulu lero, pofika zaka 10 zikubwerazi pakhomo pawo padzakhala patatsika ndi mita yathunthu.

Chigwa chonsecho ndi matope amene mitsinje yakhala ikukokolola kumapiri. Kachisi wa Sam Poo Kong, amene amakumbukira woyendetsa zombo wa ku China Zheng He wa m'zaka za m'ma 1400, anali kufupi ndi gombe, koma lero ali makilomita angapo kumtunda. Dothi lotere ndi lanthete, silinakhazikike. Pamwamba pake anthu asanjikapo doko, mafakitale ndi misewu ya magalimoto olemera, ndipo pansi pake akupopa madzi kudzera m'zitsime zakuya. Madzi akachoka, dothi limaphwa ngati siponji yofinyidwa, ndipo silifufumanso. Amene amapopa kwambiri ndi mafakitale, mahotela ndi nyumba zikuluzikulu zamalonda. Msodzi wa ku Tambak Lorok akulipira ngongole imene sanakongole, ndipo ichi n'chimene chimandiwawa pankhani yonseyi.

Madenga afupiafupi mwawaonawo sanamangidwe choncho. Madzi akayamba kulowa, banja limagula dothi ndi zidutswa za njerwa, kuthira m'nyumba, kupakanso simenti. Boma likakweza msewu, nyumba imatsalanso m'munsi, madzi onse a mumsewu n'kumathamangira pabalaza, ndiye amathiranso. Amene ali ndi ndalama amasasula denga n'kuwonjezera khoma. Amene alibe amangokweza pansi pokha. Pakutha kwa zaka, zenera lomwe linali m'chifuwa limafika m'mawondo, soketi ya magetsi aisamutsira m'mwamba, ndipo bambo wamkulu amalowa m'nyumba mwake atawerama. Ndalama yomwe ikanalipira fizi kapena kugula injini ya boti imakwiriridwa pansi pa nyumba. Ngakhale manda ena a m'mbali mwa gombe lomwelo anamira, moti ofuna kukaona pomwe pagona makolo awo amayembekeza kuti madzi atsike kapena kukwera boti.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Limafanana ndi lomwe ife a m'tauni timafunsa abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa chaka chilichonse, ndipo yankho lake silitalikirana.

Msodzi amadzuka usiku, boti lake lili pamtunda wa masitepe ochepa kuchokera pakhomo. Akabwerako, nsomba ndi nkhanu zimapita pamsika wa pomwepo, amayi ena n'kumasenda nkhono zobiriwira zomwe amaziweta pansungwi zozikidwa m'nyanja. Achinyamata amagwira ntchito padoko ndi m'mafakitale oyandikana nawo. Mukamusamutsira kuzitunda za kumwera, boti aliika pati? Nyumba yomira nayonso ilibe wogula, kotero sangaigulitse kuti akayambire kwina.

Palinso china chimene kanema sangaonetse. Ku Indonesia dera laling'ono kwambiri la boma mumzinda limatchedwa kelurahan, ndipo Tambak Lorok ali pansi pa kelurahan ya Tanjung Mas. M'kati mwake muli timagulu ta RW, ndipo RW iliyonse imagawidwa m'ma RT, omwe ndi mabanja makumi angapo oyandikana nyumba. Mkulu wa RT amasankhidwa ndi anthu okhala pomwepo. Ndiye amalemba kalata munthu akafuna chithandizo cha boma, amaitanitsa anthu kuti akatape ngalande Lamlungu m'mawa, amayendetsa chopereka pakagwa maliro. Amayi ali ndi chipereganyu chawo, chomwe amati arisan, ali ndi sikelo ya ana mwezi ndi mwezi, ndipo pagolosale yapafupi amatenga mpunga pangongole chifukwa mwini wake amawadziwa kuyambira ali ana. Kwa munthu wosauka, anthu amenewa ndiwo banki, ndiwonso inshuwalansi. Kumuuza kuti asamuke yekha n'kumuuza kuti ataye zonsezi tsiku limodzi.

Osamuka alipo ndithu. Ku Sayung, m'boma loyandikana nalo la Demak, midzi ina inamira kotheratu ndipo anthu anachoka. Anachoka pamene panalibenso choti athire.

Boma silinangokhala manja lende. Pa 23 May 2022 khoma lotchinga madzi linagumuka m'dera la doko, ogwira ntchito m'mafakitale n'kuthawa akukankha njinga zawo zamoto m'madzi ofika m'chiuno. Mu June 2024 Joko Widodo, yemwe anali Pulezidenti wa Indonesia nthawi imeneyo, anakayendera khoma latsopano la makilomita 3.6 lotchinjiriza Tambak Lorok, lomwe lili ndi maiwe osungira madzi ndi mapampu. Msewu waukulu wa Semarang–Demak nawo akuumanga kuti mbali ina ukhale khoma la nyanja.

Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo anthu akupumako. Nkhawa yanga ndi yakuti khomalo laima padothi lomwe lija likumira, ndipo mapampu amafuna magetsi ndi kukonzedwa chaka ndi chaka. Mzinda wa Tokyo unkamiranso chimodzimodzi, ndipo unasiya utaletsa kupopa madzi apansi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 n'kupatsa mafakitale madzi a m'mapaipi. Semarang ikapanda kutseka zitsime zakuya za makampani aja, khomali lidzafunika kulikweza, ndipo mabanja a ku Tambak Lorok adzayambanso kuitanitsa malole a dothi.