Suti ya agogo pa chithunzi cha ku Joni

Mayi wina wa ku Ntcheu wandilembera imelo. Akuti posanthula sutikesi ya malemu agogo awo aakazi anapeza chithunzi chakale: agogo aamuna ali chilili, atatchena suti, tayi ndi wotchi, dzanja lili pampando, osamwetulira m'pang'ono pomwe. Koma pamudzi aliyense amadziwa kuti mkuluyu anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndipo anabwerako ndi njinga ndi mabulangete basi. Funso lawo ndi lakuti, kodi chithunzichi si chabodza?

Mayi, si chabodza ayi, ngakhale kuti sutiyo mwina inali yobwereka.

Kubwereketsa zovala inali ntchito ndithu ya ojambula a m'situdiyo. Ku Bamako, m'dziko la Mali, Seydou Keïta anatsegula situdiyo yake mu 1948, ndipo ankasunga masuti, mawotchi, zolembera, wailesi ngakhalenso njinga yamoto kuti wobwera kudzajambulitsa asankhepo. Nsalu yoyamba imene ankapachika kumbuyo kwa anthu inali yoyala pabedi pake. Onse awiri, wojambula ndi wojambulidwa, ankadziwa kuti wailesiyo ndi ya pasitudiyo. Panalibe wonamizidwa.

Tsono taganizirani za agogo anuwo. Kumgodi ankadziwika ndi nambala ndi chitupa. Ankagona m'komboni ya amuna okhaokha, kulowa pansi kusanache, kutuluka thupi lonse lili mbuu. Azungu ambiri a nthawi imeneyo akajambula munthu wakuda ankamujambula ngati wantchito kapena ngati chitsanzo cha mtundu wake, dzina osalemba n'komwe. Koma m'situdiyo ndalama inali yawo agogowo, choncho mawu analinso awo. Anaima momwe anafunira, navala chimene anasankha. Ine ndikaona zithunzi zoterezi mtima umandigunda, chifukwa ndi malo amodzi okha pamene munthu wa m'komboni ankati, ndioneni chonchi.

Musaiwalenso kumene chithunzicho chinkapita. Kumudzi kunali mkazi wodikira, apongozi ofunsafunsa, ndi mantha akuti mwamunayu asanduka mtchona. Chithunzi chikafika m'kalata chinkayenda khomo ndi khomo, ndipo ngakhale wosadziwa kuwerenga ankamva uthenga wake: ndili moyo, ndili bwino, sindinakuiwaleni. N'chifukwa chake agogo aakazi anachisunga mpaka imfa.

Za kusamwetulira, ambiri amati n'chifukwa makamera akale ankachedwa. Zinali choncho kujambula kutangoyamba ku France mu 1839, pamene munthu ankakhala duu kwa mphindi zingapo, ndipo masitudiyo ena anali ndi chitsulo chogwira mutu kumbuyo. Koma pofika nthawi ya agogo anu vuto limenelo linali litatha kalekale. Nkhope ya ulemuyo inali yofuna okha. Munthu ankajambulitsa mwina kamodzi kapena kawiri moyo wake wonse, ndipo bambo wamkulu sakanalola kuti adzukulu adzamudziwe ali mano pamtunda. Frederick Douglass, yemwe anathawa ukapolo ku America, anajambulitsa zithunzi pafupifupi 160, pafupifupi zonse ali wosaseka, pokana zojambula zonyoza anthu akuda.

Chitembenuzeni chithunzicho, mayi. Kumbuyo nthawi zambiri kumakhala chidindo cha situdiyo, tauni, kapena mawu a pensulo. Musachimate ndi guluu kapena kuchiika pa chinyontho. Ndipo ngati alipo azakhali amene anachiona chikufika pamudzi, kakhaleni nawo pamphasa sabata ino akuuzeni amene anatsegula kalatayo.