Za masiku 30 a ku Joni

Achimwene, mwafunsa ngati mungalowe ku South Africa ndi pasipoti yokha n'kukasaka ntchito mukafika. Kulowa mukalowa ndithu. Mmalawi wopita kokacheza safunika viza, ndipo pa Beitbridge, boda ya pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, amakudindirani masiku osapitirira 30. Koma chidindo chimenecho n'cha mlendo, sichikulolani kugwira ntchito, ngakhale ganyu ya m'dimba la mzungu.

Ambiri amagwa nayo pa kupyoza masiku. Kuyambira mu 2014 nkhani yongolipira faindi potuluka inatha. Mukapyoza ndi masiku osapitirira 30, amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Akapitirira pamenepo, ndi zaka 5. Apolisi akakugwirani muli mkati, mutha kukathera ku Lindela, malo otsekerako anthu obwera opanda zikalata zoyenera ku Krugersdorp, kudikira tsiku lokubwezani kumudzi, katundu yense atatsala m'mbuyo. Alipo amene amapatsira pasipoti madalaivala a mabasi kuti akawadinditsire kuboda. Ine zimenezo ayi. Chidindo chikapezeka chabodza, mlandu ndi wanu, dalaivala ali phee pa chiwongolero.

Viza ya ntchito imapemphedwa musananyamuke, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, muli kale ndi kalata ya amene akukulembani ntchitoyo. Chidindo cha mlendo chija sichisinthidwa kukhala viza ya ntchito muli konko. N'zovuta kuipeza, sindikunamizani, makamaka ngati mulibe luso losowa.

Mukaganiza zopitabe kukaona kaye, musachoke pawindo la Beitbridge musanawerenge tsiku limene akulemberani, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ochepa. Ndipo ngati ndi June kapena July, tengani jekete yokhuthala. Johannesburg imazizira kuposa Dedza.