Botolo la absinthe pa ndege: yang'anani nambala ya pa lebulo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amakhala ku Leicester. Akupita ku Prague, likulu la Czech Republic, mwezi wamawa, ndipo amuna awo awatuma botolo la absinthe, mowa waukali wopangidwa ndi zitsamba. Anzawo a kuntchito awaopseza kuti mowawu ndi woletsedwa, uli ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo akatsika nawo ndege akhoza kumangidwa. Akufunsanso ngati botolo lachiwiri lingakafike bwino ku Lilongwe pa Khirisimasi, kwa achimwene awo.

Mayi, mtima pansi, palibe amene akumangeni. Absinthe amagulitsidwa poyera ku Czech Republic, ku Britain ndi m'maiko onse a European Union. Chimene chingakulanditseni botolo ndi nambala ya ukali wa mowa yolembedwa pa lebulo. Ikapitirira 70 peresenti, botololo silikwera ndege, kaya m'chikwama cha m'manja kaya m'sutikesi.

Mantha a anzanuwo ali ndi pochokera. Mowawu unayambira ku chigwa cha Val-de-Travers ku Switzerland, ndipo unatchuka kwambiri Henri-Louis Pernod atatsegula fakitale yake ku Pontarlier, ku France, mu 1805. Amautcheza ndi zitsamba zitatu: anise, fennel ndi chitsamba chowawa chotchedwa Artemisia absinthium, chomwe ndi chachibale ndi Artemisia annua, mbewu imene kumachokera gawo lina la mankhwala a malungo a LA. M'chitsamba chowawacho muli mankhwala otchedwa thujone, ndipo madokotala a nthawi imeneyo ankati thujone ameneyu ndi amene amapengetsa anthu. Mu 1905 Jean Lanfray, wogwira ntchito m'minda ku Switzerland, anapha mkazi wake ndi ana ake awiri. Tsikulo anamwa vinyo wambiri ndi mowa wina waukali, absinthe matambula awiri okha, koma mlandu wonse unagwera absinthe. Belgium inaletsa mowawu mu 1906, Switzerland mu 1910, America mu 1912, France mu 1915. Britain, Spain ndi Portugal sanauletsepo.

Ziletsozo zinatha. Mu 1988 maiko a ku Ulaya anagwirizana za mlingo wa thujone wololedwa mu zakumwa, ndipo lero mowa wopangidwa ndi zitsamba za mtundu wa Artemisia umaloledwa kufika mamiligalamu 35 pa kilogalamu. Switzerland inachotsa chiletso chake mu 2005, France inalolanso dzina lenileni la absinthe pa lebulo mu 2011. Pa mlingo umenewu thujone saonetsa munthu zilubwelubwe. Mowa weniweniwo ungamugwetse munthu kalekale thujone asanachite kanthu. Botolo lililonse logulitsidwa movomerezeka m'sitolo ya ku Prague likhoza kulowa ku Britain.

Tsono za ndege. Malamulo ake sachokera kwa a kasitomu, amachokera ku ICAO ndi IATA, mabungwe oona za maulendo a ndege padziko lonse, ndipo makampani a ndege pafupifupi onse amawatsata. Iwo alibe nazo ntchito zitsamba, amaopa moto. Mowa wosapitirira 24 peresenti, monga vinyo, sauwerengera ngati katundu woopsa. Wopitirira 24 mpaka 70 peresenti umaloledwa malita 5 pa munthu mmodzi, ndipo uyenera kukhala m'botolo lake la kusitolo, losatsegulidwa. Wopitirira 70 ndi woletsedwa kotheratu, ngakhale kabotolo kakang'ono, chifukwa nthunzi yake imayaka msanga botolo likasweka m'chipinda cha katundu.

Ogula wisiki ndi jini sakumana ndi vutoli chifukwa mowa wawo umakhala cha m'ma 40 peresenti. Absinthe wambiri amayambira pa 45 mpaka 74, ndiye malire a 70 aja amadutsa pakati penipeni pa shelefu. Kübler wa ku Switzerland ndi 53, Lucid ndi 62, Pernod ndi La Fée Parisienne ndi 68, onsewa amakwera ndege. Alipo ena abwino ndithu a 72 amene sakwera. Kwinaku m'masitolo a alendo mupeza a 80 ngakhale 89.9, amene ogulitsa amawaika patsogolo chifukwa achinyamata amawakonda. Botolo lolembedwa 70 ndendende limaloledwa. Likakhala lolembedwa mwa Chimereka, m'ma proof, gawani nambalayo pawiri: 140 proof ndiye 70 peresenti. Wogulitsa sadzakuuzani zimenezi, ntchito yake ndi kugulitsa, ndiye tembenuzani botolo muwerenge nokha musanalipire.

Ena amaganiza zosungunula mowawo ndi madzi kuti utsike pa 70, kapena kuuthira m'botolo la madzi akumwa. Musayese. Botolo lotsegulidwa kapena lopanda lebulo silikwanitsa lamulo lija, ndipo achitetezo akalipeza alibe njira yodziwira ukali wake, amangolichotsa. Nthawi zina amakuitanani pa zokuzira mawu kuti mukatsegule sutikesi, nthawi zina sutikesiyo imatsala ndege n'kunyamuka.

M'chikwama cha m'manja muli lamulo lina, la mamililita 100 pa chamadzimadzi chilichonse. Botolo la masentilita 50 kapena 70 logula m'tauni silidutsa pamenepo ngakhale litakhala la 53 peresenti. Mabwalo ena amene ali ndi makina atsopano afewetsa lamuloli, koma si onse, ndipo si nzeru kuyesera mwayi ndi botolo la ndalama zambiri. Ngati tikiti yanu ndi yotsika mtengo ija yopanda sutikesi, pali njira ziwiri: kulipira sutikesi pasadakhale, kapena kugula ku duty free mutadutsa kale achitetezo. Ku duty free amaika botolo m'thumba lapulasitiki looneka mkati, lomata, lisiti lili momwemo. Thumbalo musalitsegule mpaka mutafika kumene mukupita, ndipo mowawo sumwedwa m'ndege.

Kulongedza m'sutikesi kumafuna chidwi pang'ono. Mabotolo saphulika ndi mphepo ya m'mwamba monga ena amanenera, amasweka ndi kuponyedwa kwa katundu, ndipo malo ofooka ndi pakhosi. Ambiri a absinthe amatsekedwa ndi chotsekera cha cork chongokankhira, chomwe chimatha kudontha botolo likagona maola ambiri. Kulungani chotsekeracho ndi tepi, ikani botolo m'thumba lapulasitiki lotseka bwino, kenako lachiwiri, ndipo mulikulunge ndi juzi kapena thaulo. Likhale pakati pa sutikesi, zovala pansi, pamwamba ndi m'mbali monse, kutali ndi mateyala ndi zitsulo za chogwirira. Mabotolo awiri asakhudzane. Sutikesi yosadzaza ndi yoopsa kuposa yodzaza chifukwa botolo limayendayenda. Fungo la anise likalowa m'zovala silichoka ndi kuchapa kamodzi, ndipo makampani ambiri salipira katundu wosweka wa mtundu umenewu. Botolo lodzaza limalemera kuposa kilogalamu imodzi, muwerengere pa makilogalamu anu.

Mukatera ku Britain, nkhani imakhala ya msonkho. Kuyambira 2021, wochokera ku European Union amawerengeredwa chimodzimodzi ndi wochokera kwina kulikonse: malita 4 a mowa wopitirira 22 peresenti popanda msonkho, kwa munthu wa zaka 17 kupita m'tsogolo. Mabotolo asanu a masentilita 70 ndi malita 3.5, mumadutsa. Lachisanu ndi chimodzi limakufikitsani pa 4.2, ndipo mukapyola malire mumalipira msonkho wa mabotolo onse, osati lowonjezera lokhalo. Onani kusiyana kwake: ndege imalola malita 5, a kasitomu 4. Simungaphatikize gawo lanu ndi la mnzanu, ndipo mowawo uyenera kukhala womwa nokha kapena mphatso. Kunyamulira munthu amene akubwezereni ndalama kumaonedwa ngati malonda. Inu a mabotolo awiri izi sizikukhudzani.

America ndiye imavutabe, kwa amene angapite kumeneko. Inatsegula msika mu 2007, koma thujone ayenera kukhala wosafika mamiligalamu 10 pa kilogalamu, mawu akuti absinthe asakhale okha pa lebulo ngati dzina la mowawo, ndipo zithunzi zisasonyeze kuzunguzika bongo. Botolo lovomerezeka ku Prague likhoza kulandidwa ku New York.

Za ku Lilongwe, malire a 70 peresenti ndi omwewo, kaya mudzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Botolo lipite m'sutikesi imene mwailembetsa mpaka ku Lilongwe. Pa ulendo wosintha ndege sitilimbikitsa duty free, chifukwa pa bwalo lapakati amasechanso katundu wa m'manja, ndipo thumba likang'ambika kapena lisiti likasowa, botolo limathera pomwepo. Mukagona ku Johannesburg n'kutuluka ndi sutikesi, mwalowa m'dziko la South Africa, kumene malire ndi lita imodzi ya mowa waukali. Malita 4 a ku Britain aja satsagana nanu, dziko lililonse lili ndi ake. Pa Kamuzu International Airport auzeni a MRA kuti muli ndi botolo, lisiti likhale m'thumba, kuti msonkho ukafunika pakhale powerengera.

Komanso, Mayi, Prague ili ndi mbiri ya absinthe kuposa ubwino wake. Zambiri za m'masitolo a alendo, zolembedwa absinth popanda e kumapeto, ndi mowa waukali wothira mtundu wobiriwira, wopanda anise wokwanira. Mwambo woyatsa shuga ndi moto umene amaonetsa m'mabala unangoyamba m'ma 1990 pofuna kukopa alendo. Lebulo yodzitama ndi thujone wambiri ndi chizindikiro choti mkatimo mulibe china chonyadira. Funsani wotchezedwa ndi zitsamba, monga wa a Žufánek a ku Moravia, chigawo cha Czech Republic konko, n'kuonanso nambala ija. Absinthe weniweni ukamuthira madzi ozizira pang'onopang'ono, magawo atatu mpaka asanu pa gawo limodzi la mowa, amachita mbuu ngati mkaka chifukwa mafuta a anise sasungunuka m'madzi. Achimwene anu muwauze zimenezi, asamwe wosasungunula, ndipo botolo alisunge choimika, pamalo a mdima, chifukwa dzuwa limasandutsa mtundu wobiriwirawo kukhala wofiirira. Pernod ndi La Fée amagulitsidwanso ku Britain konko, ndiye botolo la ku Lilongwe mukhoza kuligula pafupi ndi tsiku la ulendo.